Pepani Pa Siteji

Masiku amenewo zoseketsa anthu zinkachitikira kuseri kwa bala, m'chipinda chosungiramo makireti. Siteji inali thabwa, maikolofoni yomanga ndi tepi. Mwa oseketsa onse, wouma nthabwala ndi m'thumba momwe anali Pepani. Dzinalo tinam'patsa chifukwa nthabwala ikakanika ankakanda m'mutu n'kuti, "Pepani." Ankapepesa kawirikawiri. Anzake atayamba kuitanidwa m'maholo n'kugula magalimoto, iye n'kuti akubwerekabe jekete, ndipo nsanje inamudya.

Anapita kwa sing'anga wina wokhala kuseri kwa galaja.

"Ukufuna anthu aziseka, kapena ukufuna chuma?" anafunsa sing'angayo.

"Zonse, bambo."

"Tulutsa lilime." Anam'paka mafuta owawa. "Chilichonse unganene pa siteji, adzaseka. Koma usatsike wina akadaseka. Uzidikira mpaka womaliza atseke pakamwa."

"Nanga ndikatsika?"

"Uli ndi mwana?"

"Mmodzi, wamkazi."

"Ndiye usatsike."

Pepani anaona ngati n'zachibwana. Moyo wake wonse vuto linali loti anthu ayambe kuseka, osati asiye.

Nthabwala zinali zozizira zomwe zija, koma tsopano anthu ankagubuduka nazo. Anagula nyumba, galimoto ndi masuti. Koma phwete linkatalikira ulendo uliwonse. Akakhala chete, anthu ankaseka. Akapempha madzi, ankaseka. Ankaima mpaka miyendo kutupa, maso ali pamasitepe ngati mbuzi yapachingwe. Tsiku lina anadzikodzera ataima pomwepo, anthu n'kumuombera m'manja. Anayamba kuopa siteji, koma mabwana a maholo sankamva kukana.

Loweruka lina masana, holo itadzaza, mkazi wake analowa akuthamanga mpaka kutsogolo.

"Abambo ake, mwana wadwala mwadzidzidzi! Ali kuchipatala, akungotchula inu!"

"Abale, chonde khalani chete," anatero Pepani pamaikolofoni. "Mwana wanga akufa."

Holo yonse inaphulika. Pepani anagwada, misozi ili chuchuchu, ndipo anthu ena anagwa m'mipando ndi kuseka. Atayang'ana mkazi wake, anaona kuti nayenso akuseka, atagwira m'mimba, maso atadzaza mantha.

Sanathenso kupirira. Analumpha. Phazi litangogunda pansi, holo inati zii. M'chikwama cha mkazi wake foni inayamba kulira.

Maliro a mwanayo atatha, mutu wa Pepani unasokonekera. Mkazi anachoka, chuma chinasungunuka. Pepani anafera m'chipatala cha amisala ali chiimire pabedi. Anamwino akamunyengerera kuti atsike akadye, ankangonong'ona kuti, "Asiya kuseka?"

Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa sanali munthu woipa. Dyera ndi limene linamupha. Inu olakalaka kulemera msanga, dziwani kuti chuma cha zizimba salipira ndi ndalama. Amalipira ndi munthu amene mumamukonda.