Paipi Yomaliza ya Bambo

"Bambo, mwandisiyira ntchito yosatha," anatero mwana wa makaniko uja, atagona chagada pansi pa galimoto. Panali patadutsa masiku atatu chiwaikireni m'manda. Mwini galimotoyo, kasitomala yekhayo amene anatsala, ananeneratu kuti akaipeza m'mawa isanathe aitengera kwina. Zikatero galaja yafa.

Ntchito yake inali yolumikiza mapaipi awiri a utsi. Ina inkafunika kuikulitsa kukamwa kuti inzake ilowe. Bambo ake ankachita izi ndi chitsulo chamano: umachilowetsa m'paipi, ukamapota bawuti ndi sipanala manowo amatambasuka. Iye ankangoonerera, anali asanachigwirepo.

Kunja kutada anakhoma chitseko, n'kuyatsa tochi. Analowetsa chitsulo chija m'paipi, n'kuyamba kupota. Akakumbukira kuchepa kwa anthu pamaliro paja, ankapota mwaukali. Paipi inayamba kulira ngati ing'ambika, ndipo ina yosinthira panalibe.

Ngo, ngo. Chinachake chinagogoda paipiyo.

"Ndani?"

Zii.

Anakokanso sipanala. Inakana, ngati wina waigwira. Kenako inayamba kubwerera m'mbuyo yokha, dzanja lake likungotsatira. Chitsulo chija chinamasuka, chinatembenuka pang'ono m'paipimo, n'kuima. Phewa lake lamanzere linazizira. Sanacheuke.

Anapota pang'ono. Ngo, ngo. Anamasula, anatembenuza chitsulo, anapotanso pang'ono. Anachita choncho mpaka tochi inazima, n'kupitiriza mumdima, misozi ikulowa m'makutu. Pomaliza paipi inalowa mu inzake bwinobwino, yopanda mng'alu. Kugogoda kunaleka.

"Musapite," anatero. Koma phewa linali litayamba kale kufunda.

M'mawa mwini galimoto analiza injini, utsi n'kutulukira kumbuyo kokha. Pakhomo anthu ankanong'onezana. Mlonda wa shopu yoyandikana ankalumbira kuti anasuzumira pampata wa malata, ndipo anaona miyendo inayi itatulukira pansi pa galimoto. Iwiri inali itavala nsapato zakuda zopolisha, zopanda fumbi.

Mwana wa makaniko anamva. Anapukuta manja, n'kuyankhula mokweza kuti msewu wonse umve.

"Bambo anga achoka kumanda kudzandigwira dzanja. Ena kumandako kunawatalikira, ali ndi miyendo yamoyo. Amalume sanabwere. Wowotcherera zitsulo uja, amene bambo anamuphunzitsa ntchito, sanabwere. Alamu anga sanabwere." Anaponya makiyi pa boneti. "Inunso, bwana, simunabwere."