Mwana Wamwayi wa Hammers

Mvula ya tsiku limenelo inagwa ngati yochita kutumidwa. Lombe anaima pa siteji ya minibasi za ku Kamuchanga manja ali kumutu, kuteteza tsitsi limene anali atangomangitsa kumene. Maola anayi ali pampando wa ku saluni, ndiye liwonongeke lero lomwe?

Mwadzidzidzi nsalu ina inamuphimba kumutu. Inali yobiriwira ndi yoyera, yonunkha fumbi.

"Pepani asisi, ambulera ndilibe. Koma mbendera iyi mavuto inawazolowera."

Atacheuka anaona mnyamata wamtali, utoto wobiriwira ukuyenderera m'masaya mwake.

"Mukulira kodi?" anafunsa Lombe.

"Atikwapula zinayi kwa duu, pakhomo pathu pomwe. Koma Mulungu samana zonse. Wandimana zigoli, wandipatsa inu."

Lombe anayesa kukwinya nkhope, koma chiseko chinamupulumuka.

Mnyamatayo anali Katongo, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, sapota wa Kamuchanga Hammers, katimu ka m'ligi yaing'ono kamene Mufulira yense ankakaseka. Asanatsike minibasi, nambala ya Lombe inali italowa kale m'foni mwake.

"Lombe duwa langa," unatero uthenga umene unabwera patapita sabata, "ukandilola, Hammers izikhala nambala 2 mumtima mwanga. Ndalumbira pamaso pa Mulungu."

Uthenga umenewo Lombe sanaufufute. Anasintha foni kawiri, koma ankausamutsa ndithu.

Ankhoswe ananyamula mbale zofunsira ukwati kupita nazo kwa makolo a Lombe ku Chingola. Awiriwo analowa m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo chaka chisanathe kunabadwa Chomba. Kuyambira pamenepo maina awo anatha: monga mwa Chibemba, Katongo anasanduka Bashi Chomba, bambo a Chomba, Lombe nakhala Bana Chomba, mayi a Chomba.

Kunena zoona, Katongo mwana wake ankamukonda. Ankachapa matewera poyera, anzake akumuseka kuti anadyetsedwa mankhwala. Magetsi akathima ntchito n'kuima, ankabwerera kunyumba n'kumubereka Chomba kumsana ndi mbendera ija, n'kumazungulira naye pabwalo akuimba nyimbo za ku sitediyamu.

Koma mpira! Hammers ikaluza, munthu wamkulu ankakhala pakhonde ngati wofedwa, chakudya osachikhudza.

"Bashi Chomba, ndiwo zamasamba izi, ifisashi, ndatendera ndi nsinjiro zatsopano. Idyani."

"Refu uja Mulungu amuone."

"Refuyo pano akudya kwawo. Inu mukufa ndi njala chifukwa cha anyamata osakudziwani n'komwe!"

Ikawina zinthu zinkanyanya. Ankalowa m'nyumba akuliza vuvuzela mwana atangogona kumene, Lombe n'kumangofuna kulira.

Lombe anali mayi wamantha, ndipo ankadzidziwa. Madzi a mwana ankawawiritsa kawiri. Chomba akagona tulo tatitali, ankamuika chala pamphuno kuti amve ngati akupuma. Tsiku limene anabwerera kuntchito ku bekale, analira njira yonse. Kumeneko ankagwira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo abwana ake mawu oti sikelo sankafuna kuwamva.

"Zimenezo ndisiyire ine, mtima wanga," anatero Katongo. "Ukudziwa kuti ku sikelo ife abambo sitiima pamzere. Akangoona ndevu, amati bambo dutsani. Mphindi khumi ndatuluka."

Zinalidi choncho. Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse Katongo ankanyamula mwana ndi khadi lake, madzulo n'kumuonetsa Lombe mzere wa makilo ukukwera bwinobwino. Miyezi itatu inadutsa popanda chodandaulitsa.

Zachilendo zinayamba Chomba atakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, mwezi wa katemera wa chikuku.

Madzulo a tsikulo Lombe anamuvula mwana kamalaya n'kuyamba kufufuza pamkono.

"Amubaya pati? Sindikuona kalikonse."

"Nesi wake ndi wa dzanja lofewa. Mwana sanalire n'komwe."

"Thupi silinatenthe?"

"Ndi mwamuna uyu, watengera bambo ake. Taona pakhadipo, alemba."

Analembadi. Deti, makilo, ndi siginecha ya nesi. Koma mtima wa Lombe sunakhale pansi.

Nanga fumbi lofiira m'tsitsi mwa mwana linkachokera kuti? Nanga bwanji Loweruka lililonse, akati anali kwa agogo ake, amayi a Katongo, ku Kantanshi, Chomba ankabwera mawu atasasa? Choposa zonse chinali fungo. Zovala za mwana zinkanunkhira mafuta odzola a mzimayi, mafuta okhala ngati a maluwa, amene Lombe sanagulepo chibadwire.

"Bashi Chomba, ndani amanyamula mwana wanga?"

"Ndani winanso? Ine."

"Inu munayamba liti kudzola mafuta a maluwa?"

"Aaa, Bana Chomba! Mphuno yakoyo akanailemba ntchito ku polisi. Ndi azimayi a ku sikelo, amamukonda mwanayu."

"Lero ndi Loweruka. Sikelo ya Loweruka inayamba liti?"

Katongo anaseka, namukumbatira chakumbuyo. "Iwe ndiwe chikho changa, Lombe. Munthu akatenga chikho amafunanso mbale yapulasitiki?"

Mawu okoma, inde. Koma Lombe ali kuntchito ankakanda ufa maganizo ali kwina. Ndani mkazi ameneyo? Wooneka bwanji? Mpaka kufika pomunyamulira mwana wake! Anafufuza m'foni mwa mwamuna wake, koma munali za mpira zokhazokha: Hammers yawina, Hammers yawinanso, Hammers yatsala pang'ono kukwera ligi. Katongo masiku amenewo ankayenda ngati mwini tauni. Ankadya mbale ziwiri, ankaimba posamba, geti la kasitomala lili pomwepo losamaliza.

Miyezi iwiri inadutsa choncho. Kenaka, Lachinayi lina, Chomba anayamba kutentha thupi. Lachisanu maso anafiira, chifuwa chinayamba, bere anakana. Loweruka m'mawa Lombe anaona timatuza tofiira kuseri kwa makutu, tikutsikira kukhosi.

Linali tsiku la masewero otsiriza. Hammers ikawina, ikwera ligi. Katongo anali atavala kale jezi.

"Ndi mano chabe akumera," anatero, koma maso ake ankathawa. "Pita kuntchito, duwa langa, abwana angakukalipire. Ine ndikhala naye."

"Mano amamera kuseri kwa makutu?"

"Ndiye ndipita naye ndine kuchipatala. Ukudziwa kuti ine sindiima pamzere."

"Lero ndiima ndekha."

Anatenga khadi, nakoka nsalu imene inali pafupi, mbendera ija, n'kubereka mwana. Katongo anatsala ataima pakhomo.

Pa geti la chipatala panali mayi wina wonenepa akugulitsa chikanda, chakudya chouma chodula zidutswa, m'beseni. Atangoona mwana ali m'mbendera, anadumpha.

"Mayo! Ka Kaputeni kathu! Katani kodi?"

Lombe anabwerera m'mbuyo. "Mukumudziwa mwana wanga?"

"Ndani sakadziwa ku Kamuchanga kuno? Ine ndine Bana Mpundu, woimba ng'oma wa masapota. Ndinu mayi ake? Mwabereka golide, mwana wanga!"

Anayandikira kuti amugwire mwana patsaya, ndipo fungo linamupeza Lombe. Mafuta a maluwa aja!

"Kamwana aka n'kamwayi," anapitiriza mayiyo. "Tinaluza masewero asanu ndi awiri otsatizana. Tsiku limene bambo ake anabwera nako ku sitediyamu, tinawina. Kuyambira pamenepo sitinagonjepo! Timakalandirana m'manja ngati mbale ya chopereka. Kafika ku Kalulushi, ku Luanshya, ku Chililabombwe..."

"Ku Kalulushi? Liti?"

"Masewero a pakati pa sabata aja. Lachitatu. Basi yathu imanyamuka eyiti koloko m'mawa, ndipo sinyamuka ka Kaputeni kasanakwere. Koma masana ano kabwera eti? Lero ndiye lero!"

Lachitatu. Eyiti koloko m'mawa.  Mkazi amene Lombe anamuda miyezi iwiri yathunthu anali uyu, wa beseni la chikanda. Bwenzi atapuma. Koma mantha amene anamugwira tsopano anaposa nsanje.

M'kati, nesi wachikulire anamuyang'ana mwana m'kamwa ndi m'maso, napukusa mutu.

"Ndi chikuku ichi, mayi. Katemera analandira?"

"Analandira, asisita. Palembedwa apa."

Nesiyo anatsegula khadi, naliyandikitsa kumaso, nalitalikitsanso. Kenaka anavula magalasi.

"Siginecha iyi ndi yanga."

"Eya."

"Koma mwezi umenewu ine ndinali pa tchuthi kwathu ku Mansa. Ndipo ife tikabaya katemera timadinda chidindo. Chili kuti? Mizere itatu yomalizayi sinalembedwe muno. Amabwera naye ku sikelo ndani?"

"Bambo ake," anatero Lombe.

Nesiyo anamuika mwana pa sikelo. Pakhadi panalembedwa makilo naini ndi theka. Muvi unaima pa eyiti.

Chomba anamugoneka m'kachipinda kapadera, diripi ili pamkono. Nesi anati afika naye nthawi yabwino, achira, koma akanachedwa tsiku lina chifuwa chikanamutsekera mpweya. Lombe anakhala pambali pa bedi akuwerenga mpweya wa mwana wake umodziumodzi.

Katongo anafika cha m'ma thu koloko, jezi ili m'thupi, thukuta lili kamukamu. Anaima pakhomo. Ataona kamkono kali ndi diripi, nkhope yake inagwa.

"Lombe..."

"Mwabwera kudzamuona, kapena kudzamutenga?"

"Usatero, mtima wanga."

Foni yake inalira m'thumba. Anaidula. Inaliranso. Lombe anatambasula dzanja, ndipo Katongo anaipereka ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Uthenga unali poyera: "Bashi Chomba muli kuti? Anyamata akukana kutuluka m'chipinda osamugwira ka Kaputeni pamutu!"

Lombe anamuponyera khadi pachifuwa.

"Werengani. Makilo naini ndi theka! Ngakhale makilo a mwana wanu mumabera ngati zigoli?"

"Ndimati ndipita naye sabata yotsatira. Ndikulumbira! Koma sabata yotsatira ndinaopa kuti nesi aona zimene ndinalemba. Kenaka mwezi unatha, kenaka..." Anakhala pansi, pa simenti. "Lombe, moyo wanga wonse anthu amandiseka. Wa timu yoluza, wa mageti opindika, wochapa matewera. Koma ndikalowa m'sitediyamu ndi mwana wanga, anthu onse amaimirira. Amaimba dzina langa. Ine, Katongo!"

"Ndiye munagula nyimbo ndi mwana wanga?"

"Ndi wanganso!"

"Wanu? Munamulowetsa m'basi yodzaza anthu akutsokomola, mukudziwa kuti sanabayidwe. Ine ndikuwiritsa madzi kawiri ngati wamisala! Ndinkakufunsani, inu n'kumanditcha chikho. Ndinafika poganiza kuti muli ndi mkazi wina, Bashi Chomba. Bola akanakhala mkazi! Mkazi ndikanalimbana naye."

Katongo analira. Sinali misozi ya utoto ngati tsiku la mvula lija, inali yeniyeni. Sanapite ku mpira. Anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira khoma, foni atayizimitsiratu.

Sitediyamu sinali kutali. Itangokwana fili koloko, ng'oma zinayamba kumveka pawindo. Patapita kanthawi kunabuka mfuu waukulu. Katongo anadzidzimuka, mutu unadzuka wokha, kenaka anauweramitsa msanga ndi manyazi. Lombe anaona. Panalibe chimene chinkamudutsa Lombe.

Mfuu wachiwiri. Wachitatu. Dzuwa likupendeka, misewu inadzaza mahutala ndi mavuvuzela. Mlonda wina anadutsa pakhonde akukuwa: "Zitatu kwa duu! Hammers yakwera!"

Tsiku limene Katongo analidikira kuyambira ali mwana linafika, iye ali pa simenti ya chipatala.

"Mwamva?" anatero Lombe motsitsa mawu. "Awina. Mwana wanga ali pa diripi, ndipo awina. Ndiye munamudwalitsiranji?"



Lombe anatulutsa foni yake, nafufuza pansi penipeni, namuonetsa uthenga wakale uja. "Hammers izikhala nambala 2 mumtima mwanga. Ndalumbira pamaso pa Mulungu."

"Ine kukhala nambala 2 ndinazolowera kalekale, sindinadandaule. Koma Chomba ayi."

Anadina, uthenga unafufutika.

"Akatitulutsa muno tikupita ku Chingola kwa amayi. Mukafuna kulankhula, mutume ankhoswe."

"Lombe, duwa langa, ndipatse mwayi umodzi..."

"Mwayi? Mwayi wanu ndi uyu wagona apayu. Munaumaliza."

Anatenga mbendera imene inali pamutu pa bedi, naipinda bwinobwino kanayi monga amapindira matewera, naiika m'manja mwake.

"Tengani. Munandibwereka tsiku la mvula. Mwana wanga ndimubereka ndi chitenje."