Njira ya Nsomba za Dibor

Mvula ya Seputembala inali itangokata pamene mtsikana wina, Dibor, anaona mnyamata wachilendo akuyenda m'madzi olekeza m'mawondo, kuseri kwa chilumba cha Dionewar. Ankanyamula miyendo ngati kakowa, ukonde woponya uli paphewa.

"Achimwene, khwekhwerezani mapazi! Mumchengamo mumabisala nsomba za mchira wobaya. Ndinu akuti inu?"

"Ndine Wagane, wa ku Djifer. Ikandibaya mudzandibereka, eti?"

Dibor anaseka. Kenako anaponya ukonde wake pamalo pooneka ngati palibe kanthu, ndipo unatuluka ukuphiriphitha nsomba.

"Mwaziona bwanji?" Wagane anafunsa, maso ali tong'o.

"Musamayang'ane nsomba. Muziyang'ana mthunzi wake pamchenga."

Kuyambira tsikulo, madzi akangoyamba kuphwa, Wagane anali atafika. Mafunso ake sankatha. Nsombazi zimachokera kuti? Madzi akathawa zimadzera pati? Dibor ankadabwa. Ndi mwamuna wanji ameneyu, wosachita manyazi kuphunzira kwa mkazi?

Akasiyana, foni ya Dibor inkalira ndi mauthenga a Wagane. "Duwa langa, lero ndaiwala kudya chifukwa cha kuseka kwako." Tsiku lina: "Mvula ikangotha ndidzatumiza amalume kwanu. Ndikulumbira!"

Dibor anawerenga uthengawo kasanu. Mmawa mwake anamugwira dzanja n'kumulowetsa m'mitengo ya m'madzi, kukamuonetsa kangalande kamene nsomba zonse zimathawiramo madzi akamaphwa. Malemu bambo ake anamuuza kuti asadzaonetse munthu.

"Pano timatengapo zodya basi, wamva? Zambirizi zili ndi mazira."

"Chinsinsi chako ndi changa, wokondedwa."

Panapita masiku atatu foni ili zii. Kodi wadwala? Kapena bwato lamuthawa? Tsiku lachinayi Dibor anapita kukangalande kuja, mtima uli m'mwamba.

Anapeza mabwato atatu! Khoka lalitali linali litatseka pakamwa pa ngalande, amuna asanu ndi atatu akukoka, Wagane akuwalamula. Wagane atamuona, anaweramitsa mutu n'kumangokoka chingwe.

M'bwato limodzi munali mayi woyembekezera, akusankha nsomba m'mabeseni. Anamwetulira mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, achemwali? Ndinu a pachilumba pano?"

"Eya."

"Ndiye mundithandize. Amuna angawa, a Wagane, akuti pali agogo ena amene awaphunzitsa malo ano. Akuti ndi okalamba, osauka, alibe ndi mwana yemwe. Ndawabweretsera nsalu ndi shuga kuti ndiwathokoze. Mukuwadziwa?"

Dibor anayang'ana Wagane. Mwamunayo sanadzutse mutu. Nsomba zamazira zinali mbwee m'bwato, zina zikupumabe. Misozi inafika m'maso mwa Dibor, koma anaimeza.

"Ndikuwadziwa," anatero.

"Amakhala pati?"

"Nsaluyo bwererani nayo, mayi, mudzaberekere mwana. Agogowo amwalira mmawa uno."