Manja a Mayi Telala

Mayi telala anali ndi makina amodzi okha, akale, odula ulusi pakati pa msoko. Ankasokera pakhonde la sitolo ya eni ake, moyang'anizana ndi mnzawo amene anali ndi makina asanu ndi antchito. Makinawo akamalira onse pamodzi, iwo mtima unkawawawa.

Kumpingo ankadziwika ndi manja awo. Kukapezeka wodwala wopanda womusamala, ndi iwo ankapita kukamusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa mankhwala ndi kupemphera naye. Koma tsiku limene mwana wawo mmodzi yekhayo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, anagona ndi njala kachitatu, mayiwo anati, "Ambuye, anthu anu ndawasambitsa mokwanira." Kutacha anapita kwa sing'anga wina kuseri kwa msika.

"Ndibweretse mbuzi?" anafunsa mayiwo.

"Mbuzi ndili nazo," anatero sing'anga uja. "Onetsani manja. Eee, manja achifundo awa. Mundigulitse."

"Muwadula?"

"Ayi mayi, pitani nawo. Azisoka, azilandira ndalama. Koma aliyense amene mudzamugwire pofuna kumuthandiza, ameneyo ndi wanga."

"Nanga kutchalitchi?"

"Kazipitani. Imbani, perekani chakhumi. Ine nyimbo sizindivuta."

Anawatema mphini m'manja n'kupakamo mankhwala akuda. Chaka chisanathe, makina anali khumi, nyumba ya mpanda, mwana akupita kusukulu pagalimoto.

Munthu akakhuta sachedwa kuiwala. Mayi wina wa mumpingo atadwala, mayi telala anapita kukamusambitsa monga kale, ndipo dzuwa lisanalowe anali maliro. "Anali atatheratu," anadziuza okha. Kenako mtsikana wina wantchito wawo anadzibaya ndi singano ya makina. Mayiwo anaizula n'kumumanga chala. Mtsikana wathanzi uja anamwalira tsiku lachitatu, ndi bala la chala basi.

Apa mantha anawagwira. Kwa odwala anayamba kungotumiza ndalama mu envulopu. "Chuma chawalowa m'mutu," ankatero amayi anzawo. Kawiri konse anafika pakhomo la abusa kuti aulule, koma manyazi anawabweza asanagogode.

Ndiye mwana uja anadwala malungo aakulu.

Mayiwo anathamangira kwa sing'anga n'kugwada. "Tengani makina, tengani nyumba, mundibwezere manja anga."

"Zonsezo ndinakupatsani ndine," anatero akuseka. "Kamugwireni mwana, mayi. Akukuitanani."

Kuchipatala, amayi a mumpingo omwe aja ndiwo ankamusambitsa mwanayo ndi kumupukuta thukuta. Mayi ake ankaima pakhomo la chipinda, manja kumbuyo.

"Amayi, tandigwirani pamutu," ankalira mwanayo. "Ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe, mwanawe. Gona."

Amayi anzawo ankawayang'ana modabwa. Iwo misozi ili mbwembwembwe, osasuntha. Anayesa kupemphera koma sanadziwe poyambira.

Patatha masiku asanu ndi anayi malungo anatsika, adokotala anati apite kwawo. Mayi telala anayamika Mulungu mokweza, akuti apulumuka. Anatsogola kutsika masitepe a chipatala, mwana akubwera pambuyo ndi miyendo yofooka. Atatsala pang'ono kufika pansi, mwanayo anaphonya phazi.

Mayi saganiza mwana akamagwa. Anamuwakha.

"Mwandigwira, amayi," anatero mwanayo akumwetulira, n'kutsamiritsa mutu pachifuwa pawo. Sanaudzutsenso.

Lero mukadutsa pakhonde la sitolo lija muwapeza atakhala pansi, manja atawamanga okha ndi tepi yoyezera nsalu. Munthu akayandikira amakuwa kuti, "Musandikhudze!" Amayi a mumpingo ndiwo amabwera kudzawasambitsa.

Abale, kutsata Yesu si nyimbo za Lamulungu zokha, kuli m'zimene manja athu amachita mkati mwa sabata. Umphawi umapweteka, ndikudziwa. Koma dyera likakugulitsitsani chifundo chanu, amene adzalipire ndi amene mumamukonda kwambiri.