Khola la Mpini

Mzime anali ndi galu wake. Dzina lake linali Mpini. Msana wautali, miyendo yaifupi. Mpini weniweni!

Mpini ankakonda kudumpha. Mzime akabwera kuchokera kusukulu, ankaomba m'manja. Mpini ankadumpha kuchoka pa sofa. Anamuphunzitsa ndi Mzime yemweyo.

Tsiku lina Mzime anaomba m'manja. Mpini anadumpha. Analira, "Kwee!" Anayesa kuimirira. Miyendo yakumbuyo inakana.

Mzime anachita mantha. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Mpini ayendenso.

Amayi anamugoneka Mpini m'katoni. Anapita naye kwa dokotala wa ziweto.

Adokotala anasisita msana pang'onopang'ono. Dzanja litafika pakati, Mpini analira. Kenako adokotala anamutsina chala cha mwendo wakumbuyo. Mpini anatembenuka mokwiya.

"Mukumupweteka!" anatero Mzime.

"Pepa, mwanawe," anatero adokotala. "Koma ndasangalala. Wamva kutsina. Ndiye kuti mwendowu sunafe."

Anamujambula msana ndi makina. Adokotala analoza pa chithunzi.

"Msana uli ndi timafupa tambiri. Pakati pa timafupa pali timapilo tofewa. Kapilo kamodzi kasuntha. Kakupanikiza mtsempha wopita kumiyendo."

"Achira?" anafunsa Mzime.

"Agalu ena amafunika opaleshoni. Uyu tiyamba ndi mapiritsi. Akhale m'khola laling'ono masabata asanu ndi limodzi. Asathamange. Asadumphe. Akadumpha, mwina sadzayendanso."

Kunyumba, Atate anaika khola pafupi ndi sofa. Mpini anamwa mapiritsi. Anagona phee.

Patapita sabata, Mpini anayamba kulira. Anakanda chitseko cha khola. Anamuyang'ana Mzime. Koma maso akewo! Mtima wa Mzime unawawa.

"Pang'ono pokha," ananong'ona Mzime. Anatsegula chitseko.

Mpini anatuluka chokwawa. Anayang'ana sofa. Anakweza miyendo yakutsogolo. Mayo! Ankafuna kudumpha!

Mzime anamugwira ndi manja awiri. "Amayi! Bwerani!"

Amayi anabwera akuthamanga. Anamubwezera Mpini m'khola. Anatseka chitseko.

"Chifundo chinapha nkhwali, mwanangu," anatero Amayi. "Ululu wagona chifukwa cha mapiritsi. Msana sunapole."

Mzime analira. "Ndine ndinamuphunzitsa kudumpha."

Amayi anamupukuta misozi. "Ndiye umuphunzitsenso kudikira."

Mzime anaganiza. Anaganiza ndithu. Mpini sangabwere kwa iye. Nanga bwanji iye apite kwa Mpini?

Anakhala pansi pafupi ndi khola. Analowetsa chala m'waya. Mpini anachinyambita. Analeka kulira.

Tsiku lililonse Mzime ankakhala pansi. Ankawerengera pansi. Ankalembera pansi. Mpini akakanda chitseko, Mzime ankati, "Dikira, Mpini." Chitseko sankatsegula.

Popita panja kukakodza, Amayi ankapisa thaulo pansi pa mimba ya Mpini. Amayi mbali iyi, Mzime mbali iyo. Ankayenda pang'ono, n'kubwerera m'khola.

Sabata yachitatu, mchira unagwedera. Sabata yachisanu, Mpini anaimirira yekha. Sabata yachisanu ndi chimodzi, adokotala anamwetulira.

"Tsopano mutsegulireni," anatero. "Koma za sofa aiwale."

Mawa lake Mzime anabwera kuchokera kusukulu. Sanaombe m'manja. Anaika chikwama pansi. Anakhala pansi.

"Bwera, Mpini."

Mpini anatuluka m'khola. Dzandi. Dzandi. Phazi limodzi, kenako lina. Anafika. Anaika mutu pamiyendo pa Mzime.

Amayi nawonso anakhala pansi. Atate polowa anadabwa.

"Kodi sofa yaluma munthu?" anafunsa Atate.

"Ayi, Atate," anatero Mzime. "Tikakhala pa sofa, Mpini afuna kukwera."

Atate anayang'ana sofa. Anayang'ana Mpini. Anavula nsapato. Nawonso anakhala pansi.

Mpini anadzuka. Anayenda yekha kupita kwa Atate.