Utuchi wa Kalipentala

Madzulo amenewo telala ankathirira tomato kuseri kwa nyumba yake pamene anamva kaphokoso. Tha! Patapita kanthawi, tha! Ngati munthu akuswa nsabwe ndi zikhadabo. Anacheuka uku ndi uku, osaona kanthu. Panali fungo lokha la utuchi wonyowa umene anaphimbira mbewu zake kuti nthaka isamaume msanga.

Utuchiwo anampatsa ndi kalipentala wa kumsika, bambo wofatsa amene ankakhoma mabokosi a maliro. Anachita kuubweretsa yekha pa wilibala, waulere, uku akumwetulira. Telala, monga timachitira tonsefe tikaona zaulere, anangothokoza osafunsa zambiri.

Kutacha, khoma lake loyera linali litadzaza timadontho takuda bii, tolimba ngati phula. Anakwecha ndi sopo, anapala ndi mpeni mpaka manja kutuluka matuza, koma timadontho tinangokhala pomwepo. Mlangizi wa zaulimi atabwera anafukula utuchi uja ndi kamtengo n'kumuonetsa tibowa ting'onoting'ono tokhala ngati tizikho.

"Ndi tibowa chabe, mayi. Timalavulira njere zake kumene kwawala. Chotsani utuchiwu muutenthe."

Mtima unakhala pansi, koma sunakhalitse. Masana omwewo kunabwera mlamu wake. Anaima n'kuyang'ana khoma lija nthawi yaitali, moni osapereka.

"Alamu, mwaona pamene madonthowa alekezera?"

"Alekezera bwanji?"

"Taonani. Mzere wowongoka. Pamwamba pake palibe ngakhale limodzi."

Mlamuyo anatsitsa mawu. Kwa aphunzitsi, anatero, kalipentala anaperekanso utuchi. Madontho analekezera pamsinkhu wa akazi awo, mayi wamfupi uja, ndipo sabata isanathe anagwa pachitsime osadzukanso. Kwa wogulitsa nyama madontho anakwera mpaka pafupi ndi denga, poti mwiniwakeyo anali chimunthu chachitali. Naye anapita. Konseko bokosi linafika tsiku lomwelo, lokwana ndendende.

"Ndiuzeni, alamu, munamuonapo kalipentala uja atatenga tepi kukayeza maliro?"

Mlamu atachoka, telala analowa m'nyumba n'kutenga tepi yake yosokera. Anayeza kuchokera pansi kufika pamzere. Sanafunike kuyang'ana kawiri. Muyeso umenewo ankaudziwa pamtima, chifukwa sabata yathayo anali atayeza mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, pomusokera yunifolomu.

Anakokola utuchi wonse n'kuutentha. Utsi wake unanunkha ngati m'nyumba yotsekedwa kalekale. Anazula tomato yense, anakumba dothi n'kukalitaya kudzenje, khoma analipaka laimu katatu. Mmawa mwake, ali chiimire pabwalo lopanda kanthulo, anamva tha! Madontho anali atabwerera, mzere uli pomwe paja. Anapemphera mpaka mawu kusasa. Anaganiza zomutumiza mwanayo kwa azakhali ake, koma mlamu anamukumbutsa kuti wogulitsa nyama anafera kutali, ku ulendo.

Tsiku lachitatu anapita kumsika. Kalipentala anali akupala thabwa, ndipo pakona panaimikidwa kabokosi katsopano, kopakidwa kale vanishi.

"Bambo, kabokosi aka n'kandani?"

"Mwini wake sanabwere, mayi."

"Ndakugwirani mwendo. Ndili ndi mmodzi yekha. Yezani ineyo."

Kalipentala anapukuta manja pa ovololo yake, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi mwaulemu ndithu.

"Matabwa ndadula kale, mayi. Inu simungakwanemo."

Telala anathamanga njira yonse, nsapato zili m'manja. Anthu amene anamuona anangolowa m'nyumba zawo, palibe anafunsa. Anapeza mwana wake atabwera kusukulu, ataima chotsamira khoma lija akuwothera dzuwa, mutu wake uli ndendende pamzere.

"Choka pamenepo!"

"Bwanji, amayi? Taonani, china chake chandiluma apa."

Pakati pa chipumi cha mwanayo panali kadontho kakuda. Telala ananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta. Anapukutanso ndi nsonga ya nsalu yake, kenako ndi chikhadabo, misozi ikutsika.

"Amayi, mukundipweteka."

Kadontho sikanachoke. Chakumsewu kunamveka wilibala ikubwera pang'onopang'ono, ikulira ngati yanyamula katundu wolemera.