Mwape Abweretsa Mapiri

Mwape anali mtsikana wa ku Kabwata. Iye ankafuna phiri. Koma ku Kabwata kulibe phiri.

Bambo ake, Ba Chisenga, ankadwala. Njinga yawo ya kuntchito inali itachita fumbi. Iwo ankangogona. Ankangoyang'ana khoma.

"Ba Tata, mufuna chani?" anafunsa Mwape.

"Nifuna kuona mapili a kwathu ku Mpika," anayankha motsitsa mawu.

Mwape anatenga kalendala yakale. Anaitembenuza. Anatola nthenga ya nkhuku. Anatapa buluu wochapira zovala.

Anajambula phiri. Anajambula lina. Anajambulanso lina. Mapiri onse anagwirana. Anangoda bii!

Amayi ake, Ba Helen, ankayanika zovala. Anasuzumira.

"Iwe, wajambula chulu?" anatero akuseka.

Mwape anagwetsa misozi. Amayi anasiya kuseka. Anapukuta manja awo pachitenje. Anabweretsa makapu atatu.

M'kapu yoyamba anathira madzi ambiri. M'kapu yachiwiri anathira madzi pang'ono. M'kapu yachitatu anathira madontho okha. M'makapu onse anaikamo buluu.

"Ine sinidziwa kujambula," anatero Amayi. "Koma buluu nimudziwa. Na mapili niwadziwa. Phili la kutali limaoneka monga kumwamba. Yamba na limenelo."

Amayi anatembenuza tsamba lina la kalendala. Mwape anaviika nthenga m'kapu yoyamba. Anajambula phiri lotuwa.

"Manje leka liume," anatero Amayi.

Mwape anadikira. Kudikira kunali kovuta. Anapemphera chamumtima. "Mulungu, Ba Tata adzuke."

Phiri linauma. Mwape anaviika m'kapu yachiwiri. Anajambula phiri lina kutsogolo kwa loyamba lija. Anadikiranso.

Anaviika m'kapu yachitatu. Anajambula phiri lapafupi. Anadikiranso.

Taonani! Phiri, kuseri kwake phiri, kuseri kwakenso phiri!

Mwape analowa m'nyumba mwakachetechete. Anakoleka pepala pamsomali.

Bambo anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira m'mphepete mwa bedi. Anadzuka pang'onopang'ono. Anakhala tsonga!

Analoza ndi chala.

"Nyumba yathu ili kuseli kwa ili."

"Koma sininajambule nyumba, Ba Tata."

"Ine niiona, mwana wanga. Bwela, khala apa. Nikuonetse njila."

Mwape anakwera pabedi. Chala cha bambo chinayamba kukwera phiri loyamba.

Pakhomo, Amayi anatseka maso.

"Zikomo, Ambuye," ananong'ona.